Kubweza ngongole osazimitsa moto wa pakhomo

Mukapita kuchigayo ndi ndowa ya chimanga, mumadziwiratu mmene zikayendere. Wachigayo ayeza, atchula mtengo, mulipira, makina alira, inu mutchera thumba n'kulandira mgaiwa wanu. Mukasenza ufa uja n'kutuluka, nkhani yanu ndi wachigayo yathera pomwepo. Sangakulondoleni kunyumba mwezi wamawa kuti mulipirenso ufa umene munadya kale.

Tsono taganizani za chigayo china chachilendo. Mwagayitsa kamodzi kokha, koma mwini wake akufika pakhomo panu mwezi ndi mwezi kudzatapa mbale za ufa, ndipo sasiya mpaka tsiku limene mudzamubwezere ndowa yathunthu. Nsima ija munadya kalekale, ana anaiwala ndi kukoma kwake komwe, koma iye akubwerabe. Chigayo chimenecho ndiye ngongole, mbale zimene akutapazo ndiye chiwongoladzanja. Ndayambira apa, abale anga, chifukwa ambirife kuno ku Nsambe timaiwerengera ngongole ngati mtengo wa kuchigayo, wolipira kamodzi basi, chonsecho iyo imalipiritsa potengera masiku amene yagona m'nyumba mwanu.

Tiwerengere limodzi. Mwatenga K50,000 kwa wakatapila amene amafuna theka pamwamba mwezi ukatha. Mwezi watha, K75,000 mulibe, ndiye mukumupatsa K25,000 kuti ayambe wakhala chete. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachinayi mwatulutsa K100,000, kawiri ndalama imene munatenga, koma m'kope mwake K50,000 ija ili chikhalire. Mukapanda kupereka kalikonse ndiye imaswana ngati makoswe m'nkhokwe: K75,000, kenako K112,500, mwezi wachitatu K168,750. Palibe ufiti pamenepa. Ndi masamu omwewo amene mwana wanu amachita pa bolodi kusukulu.

Ku banki m'khonde mbale yake ndi yocheperapo. Magulu ambiri amatapa K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ena K10, ndipo chokoma chake n'chakuti ufawo sutuluka m'mudzi, umadzabwerera kwa inu nomwe tsiku logawana. Njirayi inayambira kutali, ku Niger mu 1991, kumene bungwe la CARE linathandiza amayi kuti azisunga ndi kubwereketsana ndalama zawo zomwe. Kabuku ka masheya ndi bokosi la maloko atatu, lija makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndi mbali ya njira yomweyo. Ine ndimailemekeza banki m'khonde, yafoleretsa nyumba zambiri ndi malata. Koma nkhope zodziwika zisakupusitseni. K80,000 ya kugulu imabala K16,000 mwezi uliwonse, ndipo zikavuta, anthu amene mumaimba nawo kwaya ndi omwewo amene amadzamasula mbuzi m'khola.

Sindikuseka aliyense amene anakongola. Mbatatesi yathu kuno kumapiri a kwa Dambe siibereka ndi mapemphero okha. Imafuna feteleza, imafunanso mankhwala opopera chiwawu chisanapsereze masamba. Mu 2020 munthu amene dzina lake linatuluka pa pologalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP ankagula thumba la feteleza pa K4,495. Pofika 2022 thumba lomwelo linali pa K15,000, ndipo amene dzina lake silinatuluke ankalipeza kusitolo pamtengo woposa pamenepo kangapo. Kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pomwepo namondwe Freddy anadutsa m'chigawo chino cha kummwera mu Malichi 2023, ng'amba n'kutsatira mu 2024. Munthu wokongola m'zaka ngati zimenezi si waulesi ayi. Nkhani ndi yakuti atulukamo bwanji, banja lake likadali banja.

Apa tiyang'ane kumwamba kaye. Ndalama za mphunzitsi kapena mlangizi zili ngati madzi a pamjigo: si ambiri, koma mwezi ukatha ukapopa amatuluka. Ndalama za mlimi zili ngati mvula. Zimagwa nyengo yake, nthawi zina mokokolola, kenako kumwamba kumatseka miyezi ingapo. Ngongole yobweza mwezi ndi mwezi anaipangira munthu wa pamjigo, koma amene timaitenga kwambiri ndife a mvula. Mbatatesi imatenga miyezi itatu kapena inayi m'nthaka. Mukatenga ndalama ya mwezi umodzi kuti mulimire mbewu ya miyezi inayi, wachigayo uja adzatapa katatu musanakumbe ndi phando limodzi lomwe. Komanso mukudziwa mmene msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza umakhalira mvula ikalimbikira, msewu umene andale akhala akuulonjeza phula kuyambira kalekale. Galimoto za mavenda zikalephera kukwera, amene wakwanitsa kufika ndiye amatchula mtengo, inu n'kungovomera poti tsiku la gulu lili mawa. Choncho musanatenge ndalama, funso loyamba lisakhale lakuti andipatsa zingati. Dzifunseni kuti tsiku lobweza lidzapeza chiyani chokhwima m'munda mwanga.

Ndili ndi mlamu wanga wina, dzina sinditchula poti ali moyo ndipo amawerenga. Chaka china mayi akunyumba kwake anatenga ndalama kugulu yogulira feteleza wobereketsa. Mwana anadwala usiku, njinga yamoto yothamangira naye kuchipatala inadya gawo la ndalamazo. Tsiku la gulu litayandikira, mlamu anazemba mwakachetechete n'kukatenga katapila kuti mkazi wake asakachite manyazi pamaso pa anzake. Katapila uja atayamba kuluma, anatenga khasu n'kuwolokera ku Mozambique kukagwira ganyu. Anakhalako milungu itatu, mu Januwale, nthawi yopalira.

Anabwera ndi ndalama zokulunga m'kajumbo ndi theka la thumba la chimanga. M'mawa mwake ndinamuperekeza kumunda kwake. Mizere ya kumtunda inali yoyera, mayi anapalira yekha mwana ali kumsana. Kuyambira pakati kutsikira kumtsinje chimanga chinali chachikasu, chowonda ngati bango, chisoso chitachipitirira msinkhu. Feteleza uja wa ngongole anadya ndi udzu. Mlamu anaima nthawi yaitali, anavula chipewa, n'kungoti, "Alamu, ndalimira eni ake." Ndalama ya m'kajumbo inakwanira chiwongoladzanja cha miyezi iwiri. Chimanga chimene anataya chikanadyetsa banja mpaka Disembala, koma chaka chimenecho nkhokwe inauma mu Ogasiti, ndipo mu Seputembala, sukulu zikutsegulira, anakongolanso.

Kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti ngongole imatapa nkhokwe ziwiri. Yoyamba ndi ya ndalama, ndipo imeneyo mlembi wa gulu amailemba m'kope mpaka kakobiri komaliza. Yachiwiri ndi ya masiku anu. Imeneyi palibe amene amailemba, n'chifukwa chake imatha osadziwa. Tsiku la ganyu mu Julayi ndi tsiku la ganyu mu Januwale wolemba ganyu amalipira mofanana, koma kwa inu mtengo wake ndi wosiyana kutalitali. La mu Julayi mwagulitsa tsiku lokha. La mu Januwale mwagulitsa tsiku pamodzi ndi ndowa za chimanga zimene tsikulo likanabala.

Agogo athu ankasankha ngala zabwino kwambiri n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Njala ikafika pachimake mu Febuluwale ankadya maungu, ankadya gaga, ankagona ndi phala, koma ngala za kudenga sankazikhudza. Ana tinkaziyang'ana ndi njala, iwo n'kumati imeneyo ndi mbewu. Masiku enanso ndi mbewu. Mmawa wa nyengo yodzala, yopalira ndi yobandira ndi wa munda wanu, ganyu ibwere dzuwa likapendeka kapena mizere yanu ikatha. Ndikudziwa kuti pali nthawi imene m'nyumba mulibe ndi kaufa komwe, ndipo munthu sangapalire ndi mimba yopanda kanthu. Ganyu yopezera chakudya cha lero sindikuitsutsa. Imene ndikudandaula nayo ndi ija yothamangira kutseka pakamwa pa wobwereketsa, munda wanu ukulira. Iyeyo atha kudikira milungu iwiri mutapita kukalankhula naye. Udzu sumva kupepesa.

Nanga ngongole zikakhala zingapo, muyambe iti? Pitani kwa mmisiri wokhoma zidebe ndi ndowa yodontha malo atatu, muone kuti ayambira pati. Amayamba ndi bowo lalikulu. Tiyerekeze kuti muli ndi K50,000 ya katapila, K80,000 ya kugulu, ndi K15,000 ya sopo, mchere ndi mafuta kuokala ya pamsika. Mwakumba mbatatesi, m'manja mwatsala K50,000. Mtima umafuna kugawa pang'onopang'ono kuti aliyense aone nkhope yabwino. Koma mukaiponya yonse kwa wakatapila, mwatseka bowo lotaya K25,000 pamwezi. Mukaiponya kugulu, mwatseka lotaya K10,000 yokha. Kuokala sikudontha kalikonse, kupatula ulemu wanu. Ulemuwo si chinthu chochepa, paja mwini okala ndi amene adzakupatseni mchere tsiku lina mulibe kalikonse. Mupiteko nokha, musatume mwana, mumuuze tsiku lenileni, ndipo mukapeza K2,000 mukamusiyire. Koma ndalama yaikulu ipite kumene kukudontha kwambiri.

Chimene sindigwirizana nacho m'pang'ono pomwe ndi kulowa magulu atatu kuti uzitenga uku n'kukabweza uko. Kumeneko n'kutsanulira madzi m'ndowa yobooka kuchokera m'ndowa ina yobooka, pakati pa ulendo ena akutayikira pansi. Ku India, m'dera la Andhra Pradesh, mabanja osauka anafika pokhala ndi ngongole kumabungwe atatu kapena anayi nthawi imodzi, ndipo zinthu zitafika poipa mu 2010 boma la deralo linachita kukhazikitsa lamulo loletsa mabungwewo kulonjerera anthu m'makomo. Kunonso muwerenge masiku. Magulu ambiri amakumana kamodzi pamlungu, wochedwa amalipira chindapusa. Mayi wa magulu atatu wapereka masana atatu pamlungu kukhala pamkeka kuwerenga ndalama zimene si zake. Magulu ena amachita kukakamiza membala aliyense kuti akongole, ati kuti thumba likule. Gulu lotero mulifunse bwino musanagule sheya yoyamba.

Tsopano titenge njinga. Aliyense amene anatsikapo ndi mbatatesi kupita ku boma amadziwa malire a kaliyala yake. Munthu wofuna kutha ulendo umodzi amamanga matumba atatu. Pakhomo njinga imaoneka ngati yavomera. Ikafika pamiyala sipoko imodzi ithoka, ina itsatira, limu ipindika, ndipo mwini wake atsala pakati pa phiri ndi katundu woti sangasenze ndi njinga yoti singayende. Mnzake amene anamanga thumba limodzi ndi theka wapita, wabwera, wapitanso. Kuthamanga si kufika. Mukaima pamaso pa gulu n'kulonjeza chifukwa cha manyazi kuti mwezi uno ndibweza yonse, mwamanga matumba atatu. Lonjezani ndalama imene mungapalase nayo m'nyumba mukudyedwa, mwana ali ndi kope ndi cholembera. Lonjezo laling'ono losungidwa limakugulirani chikhulupiriro. Lalikulu lophwanyidwa limakuitanirani anthu pakhomo.

Pachitunda chachikulu aliyense amatsika n'kukankha, ndipo palibe amene amamuseka. Mukaona kuti mwezi uno sizitheka, musadikire tsiku la msonkhano kuti mudzadwale mutu wabodza. Pitani kwa atcheya ndi msungichuma kukadali masiku, muwauze zimene zachitika, zimene muli nazo m'munda, ndi mwezi umene mukumbe. Pemphani kuti aimitse chiwongoladzanja kapena akugawireni magawo. Ena amakana, koma ambiri amamva, chifukwa mbuzi yolanda saigulitsa pamtengo wabwino ndipo udani wake umatsala m'mudzi. Kuthawira ku Blantyre kapena ku Joni sikufafaniza dzina m'kope. Mlandu suwola, umangotsalira mkazi ndi ana.

Ndipo pogulitsa katundu kuti mubweze, gulitsani katundu wa pakaliyala, osati njingayo. Tonde apite, mbuzi yaikazi itsale. Wailesi ipite, khasu, mpope wopopera mbewu ndi dimba zitsale. Munthu amene wapinyolitsa dimba lake kuti atseke ngongole ya chaka chino watsegula ya chaka chamawa.

Tilowe m'khitchini. Nsima ya anthu ambiri, ya pamaliro kapena pachinkhoswe, saphika munthu mmodzi. Wina amagwira mphika kuti usagwe pamafuwa, mnzake akuvundula ndi mthiko. Ngongole ya banja ndi mphika wotero. Koma m'nyumba zambiri bambo ali ndi yake imene mayi sakuidziwa, mayi ali ndi yake ya kugulu imene bambo amangoimvera mphekesera. Aliyense akuvundula yekha mphika wosagwiridwa. Mlamu wanga uja anabisa katapila chifukwa cha chikondi, sindikukayika. Koma akanati anene, mkazi wake anali ndi nkhuku zisanu ndi nandolo wouma amene akanatha kugulitsa, ndipo gulu lawo linali ndi thumba la zadzidzidzi lothandizira matenda. Zonsezi anazimva milungu itatu ya ku Mozambique itadutsa kale.

Mphika wovundikira ukawira umatayikira pamoto, ndipo oyamba kupsa ndi ana. Mumaidziwa nyumba ya ngongole yobisa ngakhale wina asanakuuzeni. Foni ikalira bambo amayang'ana nambala n'kuitembenuza chafufumimba. Mayi akamva "odi" amasuzumira kaye pazenera. Nsima imadyedwa mwakachetechete, mwana akapempha ndalama ya mayeso amalandira ukali umene sanaupalamule. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kamwana kotumidwa pakhomo kuti, "Kawauze kuti ababa achokapo," bambo ali kuseri kwa chitseko. Ndalama ija tsiku lina idzabwezedwa, koma kamwanako kaphunzira kunama kuchokera kwa kholo lake, ndipo kadzakumbukira. Ana okulirapo auzeni zoona mwachidule: chaka chino tikubweza ngongole, nsapato zatsopano zidikira tikakumba mbatatesi. Mwana amapirira bwino chinthu chimene akuchidziwa dzina ndi mathero ake.

Ndipo pakhale nthawi imene nkhani ya ndalama siloledwa. Musaikambe pamphasa ya chakudya, musaikambenso pogona. Isankhireni madzulo amodzi pamlungu, ana atagona, muikambe mpaka ithe, kenako muitseke m'kope. Nkhuni zonse mukasonkhezera mphika wa ngongole, wa ndiwo umazizira.

Tibwererenso ku njinga pang'ono, pa tcheni. Tcheni chopanda mafuta chimayamba ndi kulira, kenako chimadya mano a giya, mapeto ake chimaduka pachitunda. Thupi lanu ndi tcheni cha banja lonse. Munthu wangongole amaona ngati kukhala pansi ndi tchimo. Amadzuka nkhuku zisanalire, m'mawa kumunda, masana ganyu, madzulo kuotcha makala kapena kuumba njerwa, usiku kuwerengera ndalama m'mutu mpaka tulo kuthawa. A bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira ntchito ndi zipatala za boma m'Neno muno kuyambira 2007, chipatala cha Dambe chinatsegulidwa mu 2016, ndipo kuyezetsa kuthamanga kwa magazi sikufunanso ulendo wa ku Blantyre. Mutu ukamawawa masiku otsatizana, mtima ukamagunda usiku, kayezetseni. Wodwala m'nyumba ya ngongole ndiye bowo lalikulu kuposa katapila: ntchito yaima, njinga yamoto ikufuna ndalama, womudikirira kuchipatala nayenso wasiya munda.

Dera lathu lino likudziwa za tsiku lopuma kuyambira kale. Mishoni ya Adventist ya Matandani ilipo kuyambira 1908, ndipo mabanja ambiri kuno khasu amaliika pansi Lachisanu dzuwa likamalowa. Ena timapuma Lamulungu. Tsiku limenelo, kaya ndi liti kwa inu, lipachikeni kudenga pamodzi ndi ngala za mbewu. Sindinaonepo banja limene linatuluka m'ngongole chifukwa cholima masiku onse asanu ndi awiri. Amene ndawaona atatuluka ndi amene anakhala pansi awiri, mitu itazizira, n'kuona bowo loyenera kuyamba.

Kupuma kwenikweni sikufuna ndalama. Bawo pansi pa mtengo ndi yaulere, mpira wa Bullets ndi Wanderers pawailesi ya mnzanu ndi waulere. Kachasu wa ngongole ndi kubetcha mpira pafoni kuti mwina mwayi ungatseke katapila si kupuma ayi, ndi chigayo chinanso chotapa ufa wanu. Ndipo abambo anzanga, tikamakamba zopuma tisamaganize za ife tokha. Mayi amene walima nanu m'mawa ndi yemweyo watunga madzi, wapita kuchigayo, waphika, ndiponso ndi iye amene akakhale pamkeka wa gulu kuyankha za ndalama imene munadya nonse. Masana amodzi pamlungu mutsale ndi ana, iye apite kukwaya, akamangitse tsitsi kwa mng'ono wake, kapena angogona. Simufa chifukwa chotereka madzi a phala tsiku limodzi.

Mlamu wanga anamaliza ngongole zake patatha zaka ziwiri. Anayamba ndi katapila atagulitsa tonde ndi nkhuku, gulu linavomera kumugawira magawo anayi, mayi anatuluka m'gulu lachiwiri limene anali atalowa. Ku ganyu amapitabe, koma mu Juni ndi Julayi. Kope lawo ndinaliona. Ndi la mwana wawo, la masamu, anangotembenuza n'kuyambira kumapeto.

Inunso madzulo ano ana akagona, bwerekani kope lotero. Khalani awiri pafupi ndi nyali. Aliyense atchule zake zonse, ndi ija ya manyazi yomwe, mnzake asamudule pakamwa. Pa ngongole iliyonse lembani amene munamutenga, ndalama yotsala, imene imabala pamwezi, ndi tsiku lobweza. Patsamba linalo lembani miyezi imene mukumbe mbatatesi, kukolola chimanga ndi kumweta tirigu, ndipo milungu yopalira muizunguze ndi cholembera kuti isagulitsidwe. Ngongole imene ikubala kwambiri pamwezi muilembe pamwamba penipeni, ndipo ndalama yoyamba kulowa m'nyumba ipite kumeneko.